Mwana akafuna PhD, musathamangile kugulitsa ng'ombe

Caka ciliconse mayunivesiti ndi mabungwe akunja amalengeza malo a maphunzilo a PhD m'zasayansi ndi zamakompyuta. Makolo ambili kumudzi akamva nkhaniyi amayamba kuwelenga ng'ombe za m'khola, poganiza kuti mwana afunikanso fizi. Dziwani kuti ku maiko monga Netherlands, Sweden ndi Norway, wophunzila PhD m'zasayansi kawilikawili amalembedwa nchito ndipo amalandila malipilo pamwezi kwa zaka zitatu kapena zinai. Kulinso thandizo la DAAD ya ku Germany ndi Commonwealth Scholarship ya ku Britain. Kufunsila thandizoli n'kwaulele. Wina akabwela ku chalichi kapena pa foni n'kunena kuti mulipile kuti akusungileni malo, ameneyo ndi wakuba.

Njila imeneyi inathandizapo kale mwana wa kumudzi. Pulofesa Kelly Chibale, wa ku Mpika, anaphunzila pa UNZA, ndipo mu 1989 anapita ku Cambridge kukacita PhD. Mu 2010 anakhazikitsa H3D, malo ofufuzila mankhwala atsopano, ndipo mu 2012 gulu lake linalengeza mankhwala a malungo oyenela kuyesedwa pa anthu. Koma malowo ali ku Cape Town. Ife a Zambia tinamulela, ndalama ndi zipangizo anazipeza kwina.

Apa ndiye pagona nkhani. Amene wapeleka ndalama ndiye amasankha funso lofufuza, ndipo akasintha maganizo nchito imaima pakati. Mu 2021 boma la Britain linacepetsa thandizo lake ku maiko osauka, ndipo mapulojekiti ambili a kafukufuku mu Africa anadulidwa ndalama ali mkati. Mu 2025 America nayo inatseka bungwe la USAID. Wophunzila amene watsala ndi caka cimodzi kuti atsilize, kodi angaloŵele kuti?

Alimi musaganize kuti izi n'za anthu a m'tauni cabe. Mbozi za fall armyworm zitalowa m'minda ya cimanga kumapeto kwa 2016, panafunika akatswili odziwa tizilombo. Pulogilamu ya pa foni yochedwa Nuru, imene imazindikila matenda a cinangwa poona tsamba, inapangidwa ndi yunivesiti ya Penn State ku America pamodzi ndi bungwe la IITA. Cilala ca mu 2024 cinafunanso anthu odziwa kuwelengela za mvula pa kompyuta ndi kupanga mbewu zopilila dzuwa. Anthu otele afunika ku Mount Makulu ndi ku Msekera, pafupi ndi nthaka yathu.

Mu 2007 atsogoleli a African Union anagwilizana kuti dziko lililonse liziika 1 pelesenti ya cuma cake pa kafukufuku. Zambia ili kutali ndi mlingo umenewo. Tili ndi bungwe la National Science and Technology Council locokela m'lamulo la 1997, komanso unduna wa Technology and Science wokhazikitsidwa mu 2021, koma maofesi paokha salipila wophunzila. Ndalama za CDF zimathandiza ana a ku sekondale ndi ophunzila maluso a manja, zimene n'zabwino, koma sizifika kwa ofufuza.

Conco phungu wanu akabwela pamsonkhano, mukatha kufunsa za feteleza, mumufunsenso kuti bajeti yaika zingati zolipilila ophunzila PhD pa UNZA ndi CBU. Ndipo mwana amene ali ndi digili ayambe msanga kukonza pasipoti, makalata a aphunzitsi ake ndi pepala lofotokoza zimene afuna kufufuza, cifukwa tsiku lotsekela likapita ayembekeza caka cina.