Kompyuta ikamalira "biii" musathamangire kuifomata

Abale anga, ndiloleni ndilankhulepo pa kankhani kakang'ono koma kosowetsa tulo.

Laputopu yanga ndi yakale, ya kaunjika, ndiye ndinaikamo Linux poti ndi yaulere komanso siilemetsa makina. Zonse zinali bwino kupatula chimodzi. Ndikatsegula terminal n'kudina Backspace pomwe palibe chofufuta, kapena Tab pomwe kompyuta yasowa mawu omalizira, basi "biii!" Voliyumu ndachepetsa mpaka ziro, ikulirabe. Usiku wina inadzutsa mwana, mayi akunyumba n'kundiuza kuti ntchito zausiku zithe.

Mnzanga akuti, "Aise, ingoifomata ubwezeretse Windows." Ine ndinakana, ndipo ndikukanabe. Bambo anga ukonde ukang'ambika maso awiri sankautaya. Ankakhala pamchenga, kupeza pong'ambikapo, n'kusoka. Iwe ufufute mafayilo ako onse chifukwa cha kaphokoso? Ayi ndithu.

Kulirako si matenda. Ndi belu lochokera ku makina akale a teletype, omwe anali ndi belu lenileni lochenjeza wolemba. Mu ASCII lili pa nambala 7 mpaka lero. Pa makompyuta ambiri limadutsa njira yakeyake yotchedwa PC speaker, yoyendetsedwa ndi kapulogalamu ka pcspkr. N'chifukwa chake batani la voliyumu silimalikhudza.

Mankhwala ake ndi awa. Mu foda yanu ya home pangani fayilo ya dzina loti .inputrc, mulembemo mzere uwu:

set bell-style none

Tsekani terminal, mutsegulenso. Ikamalirabe kwina, lembani:

sudo rmmod pcspkr

Apa ikhala chete mpaka mutaizimitsa n'kuyatsanso. Kuti zitheretu, pangani fayilo yothera ndi .conf mu /etc/modprobe.d/ n'kulembamo:

blacklist pcspkr

Koma tamverani. Ikamalira mobwerezabwereza mukangoiyatsa, Linux isanadzuke n'komwe, ameneyo ndi BIOS akukuuzani kuti china chavuta mkati, mwina RAM. Kulira kumeneko musakunyozere, pitani nayo kwa okonza.

Ena anena kuti munthu wamba sayenera kuvutika ndi zolembalemba chonchi. Ndikuvomera, poyamba zimaopsa. Koma taganizani: kuchokera pomwe Linus Torvalds anaitulutsa mu 1991, Linux yakhala yosatseka chitseko. Chilichonse chokuvutitsa uli ndi ufulu wochitsegula, kuona mmene chikuyendera, n'kuchisintha osapempha chilolezo kwa munthu. Kwa ife amene ndalama yolipira wokonza ndi yomweyo ya ndiwo, ufulu umenewu si wamasewera.

Chomwe chimatipweteka ndi mantha. Tikangoona sikirini yakuda timati zimenezi n'za akatswiri. Ine mizere itatu yokha inandibwezera mtendere panyumba, mafayilo anga onse ali momwemo, mwana akugona bwinobwino.

Amene muli ndi m'bale yemwe kompyuta yake ikulira chonchi, mutumizireni asanaifomate.