Kampeni inatha, pakhomo pakudikira

Sabata ino ndalandira kalata yochokera kwa mayi wina wa m'dera la Mfumu Yaikulu Katuli m'boma la Mangochi, kufupi ndi malire a dziko lino ndi Mozambique. Dzina lawo ndalisunga monga mwa nthawi zonse. Ndati ndiwayankhe pagulu chifukwa vuto lawoli lili m'makomo ambiri.

Mayiwa ali ndi ana anayi, wotsiriza sanakwanitse zaka ziwiri. Pa kampeni ya chisankho cha pa 16 September 2025 amuna awo ankathamanga ndi shado wina amene ankafuna uphungu. Ankachoka m'mamawa n'kubwera usiku, ndipo tsiku loponya voti anali monitala. Shadoyo sanapambane. Chichokereni tsikulo bambowa amangokhala pamsika kukambirana zandale, ndipo akafika pakhomo sayankhula bwino, ati mkazi wawo anawapereka chifukwa anamuona atavala chitenje cha chipani china. Kumunda mayiwa akupita okha, kuchigayo okha, kumjigo okha, geni ya zitumbuwa okhanso, mpaka mwana wadumphitsa masiku a sikelo. Akufunsa kuti kodi awalongezere katundu bambowa azibwerera kwawo?

Mayi, musafulumire kumanga katundu wa amuna anu. Koma musakhalenso chete, chifukwa mukapitiriza kusenza zonse nokha mugwa nazo, ndipo ovutika adzakhala anawo.

Tiyambe ndi nkhani ya chitenje. Voti ndi yachinsinsi. M'kachipinda kovotera muja munthu amalowa yekha, ndipo palibe lamulo loti mkazi achonge pamene mwamuna wake wachonga. Chitenje cha chipani amayi ambiri amachilandira kuti aberekere mwana kapena afunde kukazizira, si chizindikiro cha zimene zili mumtima. Ngakhale mukanakhala kuti munavoteradi wina, ndi ufulu wanu umene Amalawi anausankha pa riferendamu ya 1993.

Inu abambo amene mwatupa mtima, taonani eni ake andalewo. A Lazarus Chakwera anavomereza kugonja pa 24 September 2025 bungwe la MEC lisanalengeze zotsatira, ndipo anaimbira foni a Peter Mutharika kuwafunira zabwino. A Atupele Muluzi anali womtsatira wa a Mutharika pa chisankho chachibwereza cha 2020, koma mu 2025 aliyense anaima payekha. Andale amagwirizana lero, mawa n'kusiyana, mkuja n'kudyeranso mbale imodzi. Nanga inu mukudana ndi mayi wa ana anu chifukwa cha ndani? Shado wanu uja anabwerera ku bizinesi zake, ndipo sadzabwera kudzakupalirani munda.

Tsono mayi, pali zinthu zoti zikonzedwe, ndipo zina sizingadikire kuti mkwiyo wa abambo uthe. Choyamba ndi mwana. Tengani buku lake la kuchipatala mupite nalo ku Katuli Health Centre kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu sabata yomwe ino. Musaope kuti akakukalipirani. Katemera wodumphitsa sayambidwanso poyamba, amangopitiriza pamene munalekezera. Kumbukirani kuti katemera wa chikuku mwana amalandira kawiri, ali ndi miyezi 9 komanso miyezi 15. Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene anayambira katemera wa malungo mu 2019, ndipo amaperekedwa kanayi, pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Wachinayiyu ndi amene amayi ambiri amamuiwala poona kuti mwana wayamba kuyenda. Ngakhale mwana atabayitsa, masikito asachoke pogona, makamaka nyengo ya mvula.

Pa ulendo womwewo mudzionetsenso inuyo. Pa zaka zanga zonse za unamwino ndinaona kuti pakhomo pakavuta mayi ndi amene amayamba kudziiwala. Ngati muli pa jakisoni wolera, tsiku lake ndi miyezi itatu iliyonse, ndipo mimba yosakonzekera m'nyumba mmene anthu sakulankhulana imangowonjezera moto. Amene muli pa mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV, mankhwala amenewo sadziwa kuti kunali kampeni. Mukawasiya thupi limakulipiritsani. Ndipo mutu ukamawawa tsiku ndi tsiku, tulo osabwera, mtima kumangothamanga, kayezetseni, musamangoti ndi maganizo.

Chachiwiri ndi kugawana ntchito. Sankhani nthawi yabwino, ana atagona, osati pamene abambo angofika kumene kuchokera kumsika. Musayambe ndi kuwakumbutsa kuti shado wawo anagwa, bala limenelo akulidziwa kale. Yambani ndi nkhokwe. Auzeni kuti chimanga chatsala chochuluka bwanji, chikufikitsani mwezi uti, ndiponso mizere ingati kumunda ikudikira khasu. Kenako muwerenge limodzi ntchito za sabata yonse ndi kugwirizana kuti uyu atenga iti, uyu iti. Bambo wokhala ndi njinga atha kupita kuchigayo ndi kukatenga nkhuni, atha kuperekeza mwana ku sikelo tsiku limene mayi ali pamsika ndi geni. Palibe mwamuna amene anachepa chifukwa chonyamula mwana wake kupita naye kuchipatala. Mutu umodzi susenza denga.

Maulendo nawo muziwaphatikiza. Kuchokera kwa Katuli kutsika mapiri mpaka ku Mangochi boma si pafupi, ndipo kabaza wa njinga yamoto amadya ndalama ya ndiwo za masiku angapo. Ngati mmodzi akupita ku boma, atenge zonse tsiku limodzi, za kuchipatala chachikulu, za chiphaso cha unzika, zogula za geni. Chiphaso chija munalembetsera voti chisungeni pouma, muone ngati sichinathe ntchito, chifukwa chimafunika polandira zipangizo zaulimi zotsika mtengo ndi thandizo lina.

Chachitatu ndi ndalama. Ambiri amene ankathamanga ndi mashado anazolowera kandalama ka pamsonkhano, ena mpaka anakongola ku banki mkhonde kapena kwa akatapila podalira kuti munthu wawo akapambana abweza. Funsani mofatsa ngati pali ngongole imene simukuidziwa. Ndi bwino muimve kwa amuna anu kusiyana ndi kuimvera kwa anthu obwera kudzalanda mbuzi. Mpamba wa zitumbuwa usakhudzidwe, chifukwa ndi umene ukugula mchere ndi sopo panopa.

Mau omwewa apite kwa inu amene munthu wanu anapambana. Ndamva kuti ena anasiya khasu n'kumangoyang'ana foni, kudikira kuti aitanidwa ku Lilongwe. Phungu mmodzi ali ndi anthu zikwizikwi amene anamuvotera, sangalembe ntchito onse. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati mukufuna mjigo, mlatho kapena mdadada wa sukulu umene analonjeza, njira yake ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC ija, kenako ADC ya kwa mfumu yaikulu, pamodzi ndi khansala wanu. Kumeneko ndi kumene munthu wokonda ndale angathandize mudzi wake, atachoka kumunda.

Mukakambirana awiri zikakanika, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Ngati ndinu a Chisilamu pitani kwa shehe, ngati ndinu a mpingo pitani kwa akuluampingo. Pofotokoza musanene za zipani ayi, nenani za munda, za mwana ndi za kusalankhulana. Apatseni abambo nthawi yoti asinthe, koma ikhale nthawi yodziwika, imene ankhoswe aimva ndi makutu awo. Ikadutsa popanda chosintha, mukhalenso pansi ndi ankhoswe omwewo, ndipo simudzakhala olakwa pa chimene mudzasankhe.

Koma pakakhala nkhanza, imeneyo ndi nkhani ina. Akayamba kukumenyani, kukuopsezani kapena kukulandani ndalama za geni, musadikire ankhoswe okha. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la chaka cha 2006, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yothandiza pa nkhani zotere. Mukavulazidwa yambani mwafika kuchipatala.

Abambo, chisankho china chachikulu chidzachitika mu 2030. Mwana amene lero ali kumsana adzakhala akuyamba sitandade 1. Mashado adzabweranso ndi zitenje zatsopano, ndipo mudzathamanga nawo ngati mukufuna, palibe wokuletsani. Koma kuti mwanayo adzafike pa sukulu ali wathanzi, zikudalira phala limene adye mawa m'mawa ndi katemera amene abayitse mwezi uno. Dzukani, khasu lili pakhonde.

Pitirizani kundilembera. Tikumanenso Lamulungu likubwerali.