Duwa loti simungaliike mu ndiwo, musaliike pa keke

Lero tiyeni tikambirane za keke.

Masiku ano chinkhoswe, ukwati, ngakhale tsiku lokumbukira kubadwa kwa mwana, sizitha popanda keke. Chifukwa cha zithunzi zomwe timaona pa Facebook ndi pa WhatsApp, ambiri ayamba kukongoletsa keke ndi maluwa enieni, ongothyola kumene. Zimaoneka bwino, sindikukana. Koma monga namwino, maganizo anga ndi awa: duwa likangokhudza keke lasanduka chakudya. Ngati simungaliike mu mphika wa ndiwo, musaliike pa keke.

Ena munena kuti, "Anamwino, maluwawo sitidya, timachotsa tisanadule keke." Zoona, koma phesi la duwa lothyoledwa limadontha madzi ndi utomoni. Likabayidwa mu kirimu n'kukhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kutentha kwa kuno, madziwo amalowerera. Ndipo amene amanyambita kirimu wotsala pa thireyi ndi ana. Amene amatola duwa lachotsedwa lija n'kuika mkamwa ndi mwana wokwawa. Thupi la mwana ndi laling'ono, poizoni yemwe wamkulu angangomva naye nseru, mwana amamugwetsa.

Maluwa ena okongola omwe ali pakhomo pathu ndi poizoni weniweni. Adziweni awa:

1. Oleander. Ndi chitsamba cha masamba aatali owonda, cha maluwa apinki, ofiira kapena oyera. Palinso mnzake wa maluwa achikasu ooneka ngati belu, wotulutsa utomoni woyera, yemwe ambiri amabzala ngati mpanda. Onsewa ali ndi poizoni wosokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo ali paliponse: m'duwa, m'tsamba, m'phesi ndi m'njere. Kuumitsa kapena kuphika sikumuchotsa.

2. Datura. Amamera yekha m'mbali mwa khola ndi kudzala. Duwa lake ndi loyera ngati lipenga, chipatso chake chili ndi minga. Wodya amauma kukhosi, thupi limatentha, amabwebweta ndi kuona zinthu zomwe palibe.

3. Flame lily. Duwa lofiira ndi chikasu, lopindikira m'mwamba ngati malawi a moto, lomwe limayanga m'tchire nthawi ya dzinja. Ndi duwa la fuko la Zimbabwe, lokongola kwabasi, koma limapha. Limayamba ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba, kenako limawononga ziwalo zam'kati.

4. Lantana, timaluwa ting'onoting'ono tamitundumitundu ta m'mbali mwa msewu tija, pamodzi ndi chilichonse chochokera ku nsatsi ndi nkhadze. Izi zisayandikire chakudya.

Chomera chotulutsa utomoni woyera ngati mkaka chikayikireni nthawi yomweyo. Koma musaganize kuti chopanda utomoni ndiye chabwino, chifukwa datura ndi flame lily alibe mkaka. Kuona njuchi kapena mbuzi pa duwa si umboninso woti munthu angadye.

Vuto lachiwiri ndi mankhwala opopera. Rozi payekha alibe poizoni. Koma marozi ogulitsa m'mashopu a maluwa m'tauni amalimidwa kuti aziwonedwa, ndiye amapoperedwa mankhwala popanda kuganizira zoti wina adzadya. Inu olima tomato ndi kabichi mukudziwa kuti pa botolo amalembapo masiku oyenera kudikira musanakolole. Wolima maluwa okongoletsera sawerengera masiku amenewo. Komanso mankhwala ena, monga dimethoate, amalowa m'kati mwa chomera, kotero kutsuka sikuwachotsa. Kumudzi kuno chimodzimodzi: ngati mankhwala otsala m'pampu ya thonje kapena ya kudimba munawathira pa maluwa a pakhomo, maluwawo sayenera kukhudza chakudya.

Kodi ndiye keke izikhala mbuu, yosakongoletsa? Ayi. Makolo athu akhala akudya maluwa kuyambira kale. Chiluwe, duwa la maungu lija, timathyola ndi nkhwani n'kudyera nsima, ndipo chikasu chake n'chowala bwino. Chidede n'chofiira mokongola, ndipo madzi ake mukawiritsa amapatsa kirimu mtundu wapinki. Maluwa oyera a cham'mwamba amadyedwa. A therere lobala ndi a mandimu nawonso ndi abwino. Rozi yemwe mwadzala nokha, osapopera kanthu, mutha kugwiritsa ntchito. Zipatso nazo zilipo: mango, papaya, malalanje, odula bwino n'kuyala pamwamba.

Ndikudziwa, wina aseka kuti keke ya ukwati yokhala ndi chiluwe ndi yachimidzimidzi. Koma alendo akamabwerera kwawo amakumbukira kuti anadya, anavina, anafika bwino. Ukwati womwe ana atatu agonekedwa kuchipatala usiku womwewo anthu amaukumbukira mwamtundu wina, ndipo wophika kekeyo malonda ake athera pomwepo.

Mukasankha duwa lodyedwa, chitani izi. Thyolani m'mawa wa tsiku lomwelo, kutali ndi msewu, chimbudzi ndi khola. Gwedezani kuti tizilombo tigwe, chotsani phesi ndi ufa wachikasu wa pakati, chifukwa ufawu umayambitsa ziwengo ndi chifuwa cha mphumu kwa ena. Tsukani ndi madzi otetezedwa, owiritsa kapena othira klorini. Tisaiwale kolera wa mu 2022 ndi 2023 yemwe anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Duwa lotsukidwa ndi madzi a pachithaphwi limanyamula matenda ngati tomato wosatsuka. Liyanikeni pa nsalu yoyera, ndipo muliike pa keke nthawi yodula itayandikira.

Ngati mkwatibwi wakakamira marozi ogula, aikeni m'botolo pambali pa keke, osati pamwamba pake. Maluwa a pulasitiki otsuka bwino nawonso akhoza, bola muwachotse onse musanagawire ana, angatsamwidwe nawo. Inu ooda keke, funsani wophika kuti, "Duwa ili ndi lanji, mwalitenga kuti?" Akalephera kuyankha, lichoke, ndipo kirimu yemwe linakhudza mumupale.

Mwana akadya duwa lokayikitsa, chotsani zotsala mkamwa n'kumutsuka mkamwamo ndi madzi. Musamusanzitse pomupisa chala kukhosi, musamumwetse mafuta ophikira, madzi a mchere kapena mankhwala azitsamba. Musadikire kuti ayambe kudwala, chifukwa poizoni wa oleander ndi flame lily amatha kutenga maola angapo asanaonekere. Thamangirani naye kuchipatala cha Kasinje kapena china chomwe muli nacho pafupi, ndipo tengani duwalo ndi tsamba lake m'pepala kuti achipatala aone. Kusanza kosalekeza, dovu lambiri, thukuta, kubanika, kubwebweta kapena kufooka ndi zizindikiro zoopsa, ndipo mwina pafunika kumutumiza kuchipatala chachikulu cha boma ku Ntcheu.

Tumizani uthengawu kwa anzanu ophika makeke, a komiti ya ukwati ndi amayi a kumpingo. Ngati pakhomo panu pali duwa lomwe simukulidziwa, lijambuleni mutifunse musanalithyole. Khalani ndi tsiku labwino, asamalireni anawo.