Sitolo ya M'foni ku Karonga: Ndalama Yolandiriratu ndi Amana

M'mbali mwa msewu wa M1, kuchokera pa chipata cha Songwe kudutsa Kaporo mpaka pa Boma la Karonga, kwachuluka amalonda amene alibe benchi pamsika kapena shopu ya lendi. Sitolo yawo ndi foni. Amaika zithunzi za mpunga wa Kilombero, usipa wouma, zitenje, ma hijab ndi nsapato za ku Kyela kapena ku Kariakoo pa WhatsApp ndi pa Facebook. Wogula wa ku Mangochi, ku Salima kapena ku Blantyre amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, katundu n'kukwera basi. Wojambula zithunzi, woyankha mauthenga, wokapikula, woyeza ndi wosunga ndalama amakhala munthu mmodzi yemweyo.

Ena zikuwayendera, ena amatseka pakangotha miyezi ingapo atasiya madandaulo m'mabanja a eni. Chimene chimawasiyanitsa kawirikawiri ndi mmene amasungira ndalama ya wogula kuyambira tsiku limene ailandira mpaka tsiku limene katundu wafika.

Mwayi wa Karonga

Boma limeneli lili ndi zinthu zimene anthu akutali amazifuna. Mpunga wa Kilombero, wonunkhira uja timaufunafuna pa Ramadan, pa Eid ndi pa ukwati, umalimidwa kwambiri m'madambo ake, ndipo kuli masikimu a mpunga monga Hara, Wovwe ndi Lufilya. Nyanja ili pomwepo. Malire a Tanzania ali pa mtunda wosafika makilomita 50 kuchokera pa Boma. Koma wogula wa ndalama ali kutali: kukafika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 500, kudzera m'mapiri a Chiweta. Kwa zaka zambiri amene ankadya phindu la mtunda umenewu anali mwini lole wobwera kudzagula nthawi yokolola, mtengo uli pansi.

Foni yafupikitsa mtunda. Mnyamata womaliza Folomu 4 kapena mayi wapabanja angathe kupeza wogula popanda kudutsa mwa venda. Chinanso chokopa n'chakuti safunikira mpamba waukulu, poti wogula amalipiriratu. Apa ndi pamene pali mphamvu ya malondawa, ndipo ndi pomwenso pali msampha wake, chifukwa bizinesiyo ikuyendera ndalama za eni.

Zimene zaka zapitazi zationetsa

Mu May 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya Kwacha ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inaitsitsanso ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anali atalandiriratu ndalama za nsalu zimene anali asanakagule anapeza kuti ndalama yomweyo sikugulanso katundu yemwe analonjeza.

Mu March 2025 boma la Malawi linaletsa kulowetsa m'dziko zinthu zingapo, kuphatikizapo mpunga ndi ufa wa chimanga. Mu April, Tanzania inabwezera poletsa zokolola zochokera ku Malawi, ndipo amalonda ang'onoang'ono a ku Karonga ndiwo anayamba kumva kuwawa katundu atakanizidwa pa Songwe, mpaka maiko awiriwa atakambirana. Kenako pa chisankho cha pa 29 October 2025 ku Tanzania kunabuka zipolowe, intaneti inatsekedwa kwa masiku angapo, ndipo amene amaoda katundu ku Dar es Salaam pa WhatsApp anasowa polankhulira ndi omugulitsa.

Shopu yaikulu imapirira zoterezi chifukwa ili ndi katundu m'nkhokwe ndi antchito ogawana ntchito. Woyenda yekha amene walandira ndalama za anthu khumi alibe pothawira. Ambiri amagwa pano: amatenga ndalama ya wogula wa lero n'kukwaniritsira oda ya dzulo, dzenje n'kumakulirakulira mpaka foni izimitsidwe.

Njira zitatu zimene Shariah yatsegula

Chisilamu chinaikira malire nkhani imeneyi kalekale. Swahaba Hakim ibn Hizam (Allah asangalale naye) anafunsa Mtumiki Muhammad (Mtendere ndi Madalitso a Allah zikhale pa iye) za munthu womufunsa katundu amene iye alibe, ndipo Mtumiki anamuletsa kugulitsa chinthu chimene sichili m'manja mwake. Choncho kuika chithunzi cha diresi imene mwaiona pa foni ya wamalonda wa ku Kariakoo, n'kulemba kuti "ilipo", pamene simunaigule ndipo simukudziwa ngati mukaipeza, ndi malonda okayikitsa amene tiyenera kuwapewa. Njira zovomerezeka zilipo zitatu.

Yoyamba ndi kugulitsa katundu amene mwagula kale ndipo ali m'manja mwanu. Imafuna mpamba, koma ndi yopepuka pa zonse. Matumba asanu a mpunga amene ali m'nyumba mwanu sangasinthidwe ndi kutseka kwa malire.

Yachiwiri ndi salam, kulipiriratu katundu wodzabwera. Mtumiki atafika ku Madina anapeza anthu akulipiriratu zipatso za chaka chimodzi kapena ziwiri kutsogolo. Sanawaletse, koma analamula kuti muyeso, kulemera ndi nthawi zikhale zodziwika. Maulama anafotokoza kuti mtengo wonse ulipidwe pa nthawi ya mgwirizano, katundu afotokozedwe bwino lomwe, ndipo asamangiriridwe pa munda umodzi wokha umene ungakanike. Mpunga umalowa bwino m'njira imeneyi: Kilombero wopuntha, makilogalamu 50, kufika pa depoti ya Mangochi tsiku lakuti. Koma dziwani kuti pa salam katunduyo wasanduka ngongole pakhosi panu. Mtengo ukakwera ku Hara musanagule, kuluza n'kwanu, ndipo simungakakamize wogula kuti awonjezere. Katundu akasoweratu, wogula amasankha kudikira kapena kulandira ndalama yake yonse.

Yachitatu ndi wakala, kutumidwa. Mumauza wogula poyera kuti katundu mulibe, mukamugulira ku Kyela, ndipo malipiro anu ndi akuti. Mtengo weniweni wa kumeneko mumamuuza ndi umboni wake. Pa katundu wa kunja, amene mtengo wake umayendera Shilling ya Tanzania ndi msonkho wa MRA pa chipata, njira imeneyi ndiyo imateteza onse awiri. Chinyengo chimalowa pamene munthu akuti watumidwa, koma n'kubisa mtengo weniweni kuti adye kawiri.

Chithunzi ndi sikelo

Wogula wa pa foni sanunkhiza mpunga ndipo sagwira nsalu. Maso ake ndi chithunzi chanu. Tikudziwa nkhani ya Mtumiki pamsika, pamene analowetsa dzanja mu mulu wa chakudya n'kupeza chonyowa chabisidwa pansi, ndipo anadzudzula mwini wake mwamphamvu. Lero chonyowa chimabisidwa m'njira zina: kujambula thumba labwino n'kutumiza lina, kusakaniza Kilombero ndi mpunga wotsika mtengo, kapena kutumiza usipa wosauma bwino woti ukafika utachita nkhungu. Wogula amene wapeza chilema chimene sanauzidwe ali ndi ufulu wobweza katundu.

Pa muyeso, Surat Al-Mutaffifin ndi chenjezo lokwanira kwa opungula. Ndowa ya kwa Kaporo ndi ya ku Nkhotakota sizilingana, choncho gulitsani pa kilogalamu, pa sikelo yoyesedwa ndi Malawi Bureau of Standards, ndipo jambulani thumba lili pa sikelo musanalisoke.

Mutu umodzi susenza denga

Bizinesi ya munthu mmodzi imakhala m'foni imodzi ndi m'mutu umodzi. Foni ikabedwa, mwini wake akagonekedwa m'chipatala kapena akamwalira, ndani angadziwe kuti mayi wa ku Salima analipira matumba atatu amene sanatumizidwe? Surat An-Nisa imaika kubweza ngongole patsogolo pa kugawa chuma cha masiye, koma achibale sangabweze ngongole imene sakuidziwa. Ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole. Kope wamba lolembamo dzina la wogula, ndalama, katundu ndi tsiku lofikitsa, lodziwika kwa mkazi, mwamuna kapena m'bale wodalirika, ndi gawo la bizinesi ngati mmene ilili foni.

Ndalama za ogula zikhale pa nambala kapena akaunti yosiyana ndi ya ndiwo ndi fizi. Powerengera mtengo, ikanimo zonse: bandulo, thumba, wonyamula, basi ndi ndalama yodulidwa potapa kwa ejenti. Ambiri amaona ndalama zikulowa n'kumayesa phindu, pamene akudya mpamba. Mpamba ukachepa, musathamangire katapila kapena ngongole za pa foni zokhala ndi chiwongoladzanja, chifukwa imeneyo ndi riba. M'bale wa ndalama angathe kuika mpamba, inu n'kuika ntchito, phindu n'kugawana pa mlingo womwe mwagwirizana. Umu ndi mmene Mayi Khadijah (Allah asangalale nawo) ankatumizira malonda awo kutali kudzera mwa anthu okhulupirika.

Akuba nawonso ali pa foni pomwepo. Uthenga wonena kuti ndalama zalowa si umboni. Onani nokha balansi musanakweze katundu, ndipo PIN musauze woimba foni aliyense. Malamulo a dziko amathandiza wolemba zinthu: lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limavomereza mauthenga a pa foni ndi pa kompyuta ngati umboni, choncho musafufute zokambirana zanu ndi wogula. Bizinesi ikakhazikika, ilembetseni kwa Registrar General ndi kutenga TPIN ku MRA, kuti masukulu ndi malo odyera athe kugula kwa inu.

Kwa ife ogula

Mabanja athu a m'mbali mwa nyanja ndiwo ambiri mwa ogula. Tisanatumize ndalama tifunse mafunso atatu: katunduyu muli naye kapena mukukagula, ndi makilogalamu angati, ndipo afika liti? Wamalonda woona amayankha mosavuta. Tiyambe ndi oda yaing'ono. Katundu akafika bwino, timuuze mnzathu, ndipo ngati tatenga pa ngongole tilipire pa tsiku lake, pakuti woyenda yekha amagwa ndi wogula mmodzi wozengereza.

Kwacha idzapitiriza kusinthasintha ndipo chipata cha Songwe chingatsekedwenso. Wamalonda amene angapirire ndi amene, tsiku lililonse, angathe kutsegula kope lake n'kuonetsa kuti ndalama iliyonse ya mwini ili ndi thumba lake kapena ikadalipo yosakhudzidwa. Allah adalitse malonda a halaal a ana athu, ndipo Iye ndiye Wodziwa koposa.