Wophunzira, Namkungwi Wake ndi Munda wa Mlimi

Mvula ikamayandikira, m'midzi yambiri ya chigawo chino mumafika achinyamata onyamula mapepala a mafunso, zingwe zoyezera minda ndi timatumba totengera dothi. Ambiri mwa iwo amakhala ophunzira a digiri ya masitazi kapena ya PhD. Alimi amawalandira, nkuwapatsa mizere ingapo kuti ayeserepo mbewu. Komatu kumbuyo kwa wophunzira aliyense kuli munthu wina amene mlimi samuona kawirikawiri: mphunzitsi womuyang'anira, namkungwi wake pa kafukufukuyo.

Namkungwiyu ali ndi mphamvu zambiri. Nthawi zambiri ndi iye amene anapeza thandizo la ndalama, ndiye amavomereza mutu wa kafukufuku, amasainira ndalama za ulendo, ndipo buku la wophunzira silipita kwa oyesa iye asanalole. Ngakhale kalata ya umboni yofunsira ntchito imachokera kwa yemweyo. Choncho wophunzira akalakwiridwa amangoti chete, poopa kudula nthambi imene wakhalira.

Pa kafukufuku wa ulimi, kuzengereza kwa namkungwi kumapweteka kwambiri. M'madera ambiri a Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique mvula imagwa nyengo imodzi, kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo. Ndalama za mbewu zikachedwa ndi mwezi umodzi, chaka chonse chatayika, pomwe digiri ya masitazi imayenera kutha m'zaka ziwiri. Palinso nkhani ya maina. Aphunzitsi a m'mayunivesite amakwezedwa pantchito malinga ndi zimene asindikiza, ndiye ena amaika dzina lawo patsogolo pa ntchito imene wophunzira anakhetsera thukuta. Ophunzira aakazi amakumananso ndi vuto lina, la anamkungwi ena ofuna chibwenzi asanasaine.

Kodi izi zikumukhudza bwanji mlimi? Wophunzira wopanikizika amathamanga. Amafunsa mafunso mwaliwiro, amayeza zokolola, nkuchoka osabweranso, chifukwa palibe anamuikira ndalama kapena nthawi yobwerera kudzanena zimene wapeza. Mlimi wapereka munda, mphamvu ndi nzeru, koma sadziwa ngati mbewu ija inapambana. Chaka chamawa kukabwera wophunzira wina, mudzi umamulandira monyinyirika, ndipo wofotokozera anthu amakhala mlangizi amene anamuperekeza.

Njira zokonzera zilipo. Ku University of Cape Town, wophunzira ndi womuyang'anira amasainirana mgwirizano wolembedwa wonena udindo wa aliyense, ndipo amauunikanso chaka ndi chaka. Pepala lotere limateteza wamng'ono, pakuti akadandaula amakhala ndi choloza. Bungwe la RUFORUM, limene mayunivesite 10 a ku Kenya, Uganda, Malawi, Zimbabwe ndi Mozambique anakhazikitsa mu 2004, limalimbikitsa kuti ophunzira azichita kafukufuku wawo pakati pa alimi. Ku Ekwendeni, ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities inayamba mu 2000 pamene Rachel Bezner Kerr, yemwe panthawiyo anali wophunzira, anagwirizana ndi ogwira ntchito pachipatala cha pamalopo. Alimi anapanga gulu lawolawo la kafukufuku, nayesa nandolo, mtedza ndi soya m'minda mwawo. Ntchitoyo inapitirira digiriyo itatha kale.

Inu alangizi ndi atsogoleri a makalabu, muli ndi mbali yanu. Wophunzira akafika, mufunseni dzina la womuyang'anira ndi yunivesite yake. Pemphani kuti namkungwiyo adzafike yekha kumunda kamodzi pa nyengo. Gwirizanani mbewu isanalowe pansi kuti zokolola zidzakhala za yani, adzalipira ndani mbewu ikakanika, ndiponso mwezi umene zotsatira zidzafotokozedwe pamsonkhano wa mudzi m'chinenero chanu. Zonsezi zilembedwe, mfumu ikhale mboni. Potero mukuthandizanso wophunzirayo: pempho limene iye akanaopa kulinena, likachokera kwa alimi, mkulu wake savutika kulimva.

Kwa aphunzitsi, makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Wophunzira amene mwamuwerengera zolemba zake pa nthawi yake, mwamupatsa ndalama mvula isanagwe, ndi kulola dzina lake kutsogola pa ntchito yake, adzachita chimodzimodzi kwa alimi, ndiponso kwa ophunzira ake akadzakhala pa mpando wanu.