Chimene Chimasunga Mphunzitsi pa Ntchito

Kale mwana wa ku Angónia wofuna maphunziro apamwamba ankayenera kupita kutali, makamaka ku Maputo, ku yunivesite imene idatsegulidwa mu 1962, yomwe tsopano imatchedwa Eduardo Mondlane. Lero UniZambeze, imene likulu lake lili ku Beira, ili ndi nthambi ya zaulimi ku Ulongwe ndi ya zaumoyo ku Tete. Zipinda zophunzirira zatiyandikira, koma ophunzitsamo ndi anthu, ndipo munthu amatha kuchoka.

Nanga n'chiyani chimakhazika mphunzitsi waluso pamalo, mizinda ikuluikulu ikumukopa? Malipiro ndi ofunika ndithu, koma pa yunivesite iliyonse chimene chimagwira mtima wa wantchito ndi chikhalidwe cha pamalopo. Kumene mtsogoleri amamva maganizo a anzake asanagamule, kumene udindo umaperekedwa poona ntchito osati chibale, kumene mlonda ndi wosesa amalonjeredwa mwaulemu, mphunzitsi amachezera kukonza phunziro popanda womukakamiza. Kumene kwadzala miseche ndi kukondera, iye amangobwera kudzasainira, maso ali kwina. Akachoka pakati pa chaka, wolira ndi wophunzira amene kafukufuku wake wasowa womuyang'anira, ndiponso kholo limene lidagulitsa mbatata ya kachewere kuti lilipire fizi.

Tsono inu amene muli ndi anthu pansi panu, kumbukirani kuti mutu umodzi susenza denga. Muyamikireni wantchito wanu adakali nanu, mumumvere akadandaula, pakuti pamene wakulemberani kalata yotsanzika, mtima wake umakhala utachoka kale.