Zipsepse za roketi sizifuna phuma

Aphunzitsi anzanga a m'ma CDSS, kusowa labotale kusatichititse kuphunzitsa Fizikisi pabolodi pokha. Lamulo lachitatu la Isaac Newton, lomwe analisindikiza mu 1687, ophunzira angathe kuliona ndi maso pogwiritsa ntchito botolo lapulasitiki la malita awiri, madzi ndi pampu ya njinga. Mpweya ukakankhira madzi pansi, madziwo amakankhira botolo m'mwamba. Imeneyo ndiyo roketi ya madzi.

Koma kuti iuluke mowongoka, nkhani yagona pa zipsepse. Ntchito yake ndi ngati ya nthenga za kumuvi: zimagwira mphepo kumbuyo kuti mutu uzitsogola. Chimodzi chikapendekeka, roketi imakhotera kumbali, mwinanso kumene kwaima ana.

M'kalasi mwanga kuno ku Karonga timadula zipsepse zitatu zofanana kuchokera ku chigubu chotha ntchito. Katoni ayi, chifukwa imafewa ikanyowa. Sitimata pa botolo lopoperamo mpweya, popeza kulipala ndi sandipepa kumalifooketsa ndipo lingaphulike. Timadula botolo lachiwiri ngati siketi, n'kuliveka kumunsi kwa loyambalo, zipsepse n'kukhala pamenepo.

Poyeza, kulungani kapepala mozungulira siketiyo, kapindeni patatu mofanana, ndipo mwapeza madigiri 120 opanda pulotilakita. Mizere yowongoka jambulani botolo litatsamira pa felemu ya chitseko.

Supaguluu amauma msanga koma amathetheka roketi ikamenya pansi. Wabwino ndi guluu wa okonza nsapato. Palani pang'ono, pakani mbali zonse ziwiri, dikirani asiye kumata chala, kenako phatikizani. Akagwira wagwira, choncho yang'anitsitsani mzere musanagunditse. Matani chimodzi chimodzi, zigone usiku wonse. Selotepi ingolimbitsa m'mphepete, chifukwa payokha imamatuka ndi kutentha kwa Okutobala kuno kunyanja. Pomaliza salazani m'mbali mwa zipsepse, ndipo musachulutse penti: kumbuyo kukalemera roketi imapidiguka.

Musanaulutse, ikani dongo pang'ono kumutu. Mangani chingwe pamene roketi ikukhazikika osapendamira mbali, muizunguze m'mwamba. Mutu ukamatsogola, zili bwino. Thirani madzi gawo limodzi mwa magawo atatu, ana aime patali, ndipo botolo lagalasi musayerekeze. M'nyengo ya mwera, sankhani m'mawa wopanda mphepo.

Pali ena amene amati awa ndi masewera odya nthawi ya silabasi. Ine ndimaona mwina. Mtsikana amene wadikira guluu usiku wonse, n'kuona roketi yake ikukwera kuposa mtengo wa mango, safunikanso kuloweza lamulo la Newton pokonzekera mayeso a MANEB. Waphunziranso kuyeza kawiri asanadule, luso lomwe adzalifune kaya adzakhala namwino, kalipentala kapena injiniya. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.